Mboni Yosaoneka ndi Maso

Pali anthu amene amatha masiku ambiri akufunsa funso limodzi: kodi chida changachi chikunena zoona? Ndimawaganizira kawirikawiri, makamaka aja ofufuza za khansa amene amadalira ma antibody.

Pafupifupi m'selo lililonse la thupi muli DNA yotalika mamita 2, yokulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone. Majini onse, malangizo a chibadwa chathu, ali momwemo, koma sagwira ntchito onse nthawi imodzi. Enzaimu ina yotchedwa EZH2 imaika kachizindikiro pa histone H3, pamalo otchedwa lysine 27, ndipo majini a pamenepo amakhala chete. Malangizowo safufutika ayi, kungoti selo limasiya kuwawerenga. Mwana akamaumbika m'mimba, ntchito imeneyi ndi yofunika kwambiri. Koma ikapyola muyezo, amatontholanso majini amene amaletsa maselo kuswana mwachisawawa.

Mu 2002, gulu la Arul Chinnaiyan ku University of Michigan linapeza kuti EZH2 imachuluka mu khansa ya prostate imene yafalikira m'thupi. Mu 2010, ofufuza a ku Vancouver anaipeza itasinthika mu mitundu ina ya lymphoma. Pofika 2020, bungwe la FDA ku America linavomereza tazemetostat, mankhwala oifooketsa.

Nanga kanthu kakang'ono chotere munthu amakaona bwanji? Apa ndi pamene antibody imalowerera. Imapangidwa mothandizidwa ndi mbewa kapena kalulu kuti izikakamira chinthu chimodzi chokha. Njira yopangira ma antibody ofanana ndendende anaitulukira Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge mu 1975. Wofufuza amadula kanyama kopyapyala kuchokera ku chotupa, n'kuthirapo antibody, ndipo pamene yakakamira pamaoneka mtundu wa bulawuni. Iye saona enzaimuyo ndi maso ake. Amangomva kwa antibody, monga momwe bwalo la mfumu limamvera kwa mboni.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti mboniyi imathanso kuloza wosalakwa. Mu 2011, akatswiri atayesa ma antibody oposa 200 ozindikira zizindikiro za pa histone, anapeza kuti pa anayi alionse, imodzi kapena kuposerapo inkakakamiranso zinthu zina. Zikatero, zaka za ntchito ndi ndalama zimapita pachabe, ndipo wodwala amene akudikira mankhwala amadikirabe.

N'chifukwa chake ndimalemekeza wofufuza amene sathamanga. Amayamba wachotsa EZH2 m'maselo ena, n'kuthira antibody ija, kuti aone ngati mtunduwo uzimiririka. Ukaonekabe, amaitaya, ngakhale anaigula modula. Ntchito imeneyi siitchulidwa pa wailesi, ndipo palibe amene amamuombera m'manja.

Koma chifundo kwa odwala chimayambira pomwepo. Amene amayesa chida chake asanachikhulupirire ndiye woyenera kuti ifenso timukhulupirire.