Mtsutso: Kodi Mafilimu a Chikondi cha pa Nkhondo Anayanjanitsa Dziko la America?

WAPAMPANDO: Mutu wathu lero ndi wakuti mafilimu akale opanda mawu, osonyeza chikondi pakati pa adani pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, anathandiza kuyanjanitsa dzikolo. Wovomereza, bwalo ndi lanu.

WOVOMEREZA: Zikomo a wapampando, oweruza ndi omvera nonse. Nkhondo imeneyi inapha anthu oposa 600,000, ndipo m'madera ngati Kentucky ana a bere limodzi ankamenyera mbali zosiyana. Mu 1910 D. W. Griffith anajambula filimu yaifupi yotchedwa The Fugitive. Msilikali wa kumpoto wapha wa kummwera, ndipo pothawa wakabisala m'nyumba ya mayi wa yemwe wamuphayo. Mayiyo atazindikira, sanamupereke, poganiza kuti nayenso ali ndi mayi amene akumudikira. Mufilimu ina ya chaka chomwecho, In the Border States, kamtsikana kakubisa msilikali wa adani, ndipo msilikaliyo pambuyo pake akupulumutsa bambo ake a kamtsikanako. Ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga ankatuluka m'holo atamva kuti mdani nayenso ndi mwana wa munthu. Chibale ndi fupa, sichiola.

WOTSUTSA: A wapampando, mnzangayu watitolera timafilimu ta mphindi zochepa n'kubisa chimphona cha maola atatu chimene Griffith yemweyo anatulutsa mu 1915, The Birth of a Nation. Chikondi chilimo ndithu. Ben Cameron wa kummwera akukonda Elsie Stoneman wa kumpoto, Phil Stoneman akukonda Margaret Cameron, ndipo filimuyo ikutha ndi maukwati awiri. Koma mabanja awiriwa akugwirizana pa chiyani? Pa kuopa ndi kudana ndi munthu wakuda. Ben Cameron ndi amene akuyambitsa gulu lakupha la Ku Klux Klan, ndipo chakumapeto gululi likuima ndi mfuti pa akavalo kuopseza anthu akuda kuti asakaponye voti. Kuyanjana kwake n'kumeneko, achimwene?

WOVOMEREZA: Filimu imodzi yoipa isaipitse onse. Ndakupatsani mayi wokhululukira wakupha mwana wake, ndipo simunamuyankhe.

WOTSUTSA: Ndimuyankha. Mayi uja ndi mzungu, mwana wake ndi mzungu, wakuphayo ndi mzungu. Nanga akapolo pafupifupi 4 miliyoni amene ukapolo wawo unabutsa nkhondoyo, ali kuti m'mafilimu anuwo? Akapezeka, amapezeka ngati George wa mu His Trust, filimu ya Griffith ya 1911. George ndi kapolo, ndipo bwana wake atafera ku nkhondo yoteteza ukapolo, iye akusamala mkazi ndi mwana wa bwanayo, n'kuwapatsa kanyumba kake, iye kumagona panja pakhomo. Ndipo wosewera George anali Wilfred Lucas, mzungu wodzipaka zakuda kumaso. Munthu wakuda sanaloledwe ngakhale kuimira nkhope yake yomwe.

WOVOMEREZA: Mukuweruza anthu a kale ndi maso a lero. Nthawi imeneyo palibe ankaona cholakwika.

WOTSUTSA: Palibe? Kapena kwa inu anthu akuda sali m'gulu la anthu? Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linalimbana ndi The Birth of a Nation chaka chomwecho cha 1915. Ku Boston, William Monroe Trotter anatsogolera khamu la anthu kukaitsutsa, mpaka anamangidwa. Mu 1920 Oscar Micheaux, wojambula mafilimu wakuda, anatulutsa Within Our Gates, yoonetsa banja la anthu akuda likupachikidwa ndi chigulu cha azungu. Anthuwa anaona cholakwika nthawi yomweyo. Amene sankaona ndi amene sankafuna kuona.

WOVOMEREZA: Mnzanga wapsa mtima, ndipo waiwala kuti luso ndi luso. Griffith anaphunzitsa dziko kujambula nkhope pafupi ndi kuonetsa zochitika ziwiri mosinthanitsa kuti mtima wa woonera udumphe.

WOTSUTSA: Inde ndapsa mtima, ndipo ndikudabwa kuti inu simunapse. Luso limenelo ndi lomwe linachititsa oonera kuombera m'manja pamene a Klan akuthamanga pa akavalo. Bodza lojambulidwa mwaluso limalowa msanga mumtima. Mu 1915 The Birth of a Nation inaonetsedwa ku White House pamaso pa Pulezidenti Woodrow Wilson, ndipo mu Novembala chaka chomwecho William J. Simmons anatsitsimutsa Ku Klux Klan pa phiri la Stone Mountain ku Georgia. Gululi linagwiritsa ntchito filimuyi kwa zaka zambiri pokopa mamembala atsopano. Inu mukuwerenga maukwati awiri, ine ndikuwerenga maliro.

WAPAMPANDO: Nthawi yatsala pang'ono. Mawu omaliza.

WOVOMEREZA: Ndikupempha oweruza kuti asataye chifundo cha mayi uja. Kukhululuka ndi chiyambi cha mtendere.

WOTSUTSA: Chifundo cha mayi uja sindikuchinyoza. Ndikukana mtendere wa azungu akumpoto ndi akummwera umene mtengo wake analipira ndi anthu akuda, amene sanaitanidwe n'komwe pa bwalo lokambirana. Akuluakulu anati mlandu suola. Oweruza olemekezeka, mafilimuwa anayanjanitsa azungu okhaokha n'kusiya anthu akuda m'manja mwa owazunza, choncho ndikupempha kuti mutuwu muukane.