Nsambo Zinayi ndi Matumba Awiri a Feteleza

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2024 ndidachita chinthu chimene mpaka lero sindidamalize kuchiweruza. Ndidagula gitala ya besi kwa mnyamata wina wa ku Kawale amene ankasonkhanitsa ndalama ya ulendo wa ku Joni. Gitalayo idali yakale, utoto utasupuka pamene pamatsamira mkono, koma khosi lake lidali lowongoka ndipo nsambo zonse zinayi zinkalira bwino. Mtengo wake, pamodzi ndi kaampulifaya kakang'ono, udali wofanana ndi wa matumba awiri a feteleza. Ndikutchula feteleza chifukwa ife ana a alimi, ngakhale titavala tayi zaka zambirimbiri, ndalama iliyonse yaikulu timaiyeza ndi matumba.

Nditalipira sindidapite nayo kunyumba. Ndidakaisungitsa kwa mnzanga ku Area 18, ndipo idakhala kumeneko milungu itatu mayi akunyumba osadziwa kanthu. Pajatu munthu sabisa chinthu chimene mtima wake wachivomereza. Choncho funso lidandipeza ndisadakhudze n'komwe nsambo. Kodi bambo wopitirira zaka 40, wa ana atatu, amene mayi ake akudikira mvula kumudzi ku Dedza, ali ndi ufulu wotaya ndalama ndi nthawi pa chinthu chimene sichidyetsa munthu aliyense?

Besi ndidaiyamba kale. Tili ana kumudzi tidapanga babatoni wathu ndi chitini chachikulu chokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, mtengo wa bulugamu ndi waya mmodzi wochotsa m'tayala lakutha. Anzanga ankalimbirana banjo ndi kuimba patsogolo. Ine ndinkangokhala pa chitinicho n'kumatsetseretsa botolo pa waya, ndipo liwu lake lonenepalo linkandikwanira. Sitinkadziwa kuti masewera athuwo ali ndi mbiri, kuti a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka adali atafika kale ku Ulaya ndi nyimbo zawo za kwela, kapena kuti tsiku lina Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi anyamata a Madalitso Band adzakwera ndege atanyamula babatoni.

Besi ya magetsi ndidaigwira koyamba mu 1996 m'bandi ya tchalitchi ndili ku sekondale. Zidali zaka zimene makaseti a ku Balaka, a Paul Banda, Lucius Banda ndi Alleluya Band, ankamveka m'minibasi iliyonse. Pambuyo pake padabwera Evison Matafale, amene adatisiya mu 2001. Mphunzitsi ndidalibe. Ndinkatchera khutu pa wailesi ya kaseti, n'kumabweza kasetiyo ndi bolopeni kuti mabatire asathe msanga, mpaka zala zitagwira zimene khutu lamva.

Mu 2004 ndidalembedwa ntchito m'boma, patapita zaka ziwiri ndidakwatira. Palibe amene adandiletsa kuimba. Ndinkangoti ndidzabwerera mwezi wamawa, ntchito ikachepa, mwana akasiya kuyamwa, nyumba ikafika pa lenta. Mwezi wamawawo udatenga zaka 20.

Tsopano ndiyambe ndi mlandu wondineneza, chifukwa ndi wamphamvu ndipo sindifuna kuuchepetsa. Kwathu malipiro a munthu mmodzi sakhala ake yekha. Ine ndine mwinimbumba. Ana a mlongo wanga akasowa yunifomu amaimbira amalume. Denga la amayi likadontha, foni imalira kwa ine. Inenso ndidaphunzira chifukwa amalume anga adagulitsa ng'ombe yawo yomaliza, ndipo sadandilembere ngongoleyo papepala. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Pamwamba pa zonsezi, mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 44, ndipo mitengo ya zinthu idathamanga kusiya malipiro athu m'mbuyo. M'nyengo yotere, kugula gitala kumaoneka ngati kuvina pamaliro.

Ndipo mlanduwo sudathere m'maganizo. Mu Januwale 2025 mwana wa mlongo wanga adabwezedwa kusukulu yake yogonera komweko chifukwa fizi idali yosakwana. Adakhala pakhomo masiku asanu ndi anayi. Ndalama imene inkaperewera idali yochepa kuposa imene ndidapereka kwa mnyamata wa ku Kawale uja. Ndidakongola ku banki m'khonde ya mayi akunyumba n'kumubwezera kusukulu, koma masiku asanu ndi anayiwo palibe angamubwezere. Aliyense wonena kuti chisangalalo cha munthu sichipweteka wina sadakhalepo mwinimbumba.

Podzitchinjiriza ndidayesa zifukwa zitatu, ndipo zonse zidagwa. Choyamba ndidati gitalayo idzabweretsa ndalama, ndizikaimba m'maukwati Loweruka. Limeneli lidali bodza. Oimba enieni, amene amachita zimenezi usana ndi usiku, amavutika kupeza ya lendi, nanga ine wa zala zouma ndikapikisana ndi yani? Chachiwiri ndidati ndikatumikira nayo Mulungu. Apa padali choonadi pang'ono chabe, chifukwa kutchalitchi kuli kale besi yake ndipo Mulungu sadandipemphe ina. Chachitatu ndidati anzanga amamwera ndalama yoposa imeneyi pamwezi, ena amathera kubetcha mpira pa foni. N'zoona, koma kuloza amene wagwa m'dzenje lakuya sikukutulutsa m'dzenje lako.

Amene adandithandiza kuganiza bwino ndi mayi akunyumba. Tsiku limene ndidalimba mtima n'kulowa nayo gitala pakhomo, adaiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Ana atagona adati, "Bambo a Chisomo, gitala sindikukana. Ndidakudziwirani mukuimba. Chandiwawa n'chakuti mwandiyesa wapolisi, mpaka kukabisa katundu kwa eni." Ndidasowa poyankha. Kenaka adawonjezera mawu amene sadandichoke m'mutu: "Komanso inu mukuyesa amene adasiya chinthu chake m'nyumba muno ndinu nokha?"

Ndidachita manyazi. Mayiwa adali katswiri wa ntchemberembaye pasukulu yawo, woponya mpira m'golo osaphonya. Adasiya ali ndi pakati pa Chisomo ndipo kwa zaka zonsezi sindidawafunsepo ngati amaulakalaka mpirawo. Ndinkadzimvera chisoni ngati ndekha ndidapereka nsembe, pamene mnzanga wogona naye chipinda chimodzi adapereka yake mwakachetechete. Abambo ambiri tikamakamba za ufulu wa munthu wosangalala timakhala tikunena za ufulu wa bambo.

Usiku womwewo adandiuzanso china chowawa. Adati ndikamapereka fizi kapena ndalama ya kumudzi, nkhope yanga imakhala ngati ya munthu amene akuzulidwa dzino, ndipo ana adaphunzira kudikira kuti ndikhute kaye asadanene za makope. Ndidafuna kukana, koma ndidakumbukira mmene ndinkawerengera m'mtima zonse zimene ndachitira abale, ngati wakatapila wosunga buku. Ndidali wopereka, inde, koma wopereka wowawidwa mtima. Munthu amene alibe kanthu kakekake, kamene amakachita chifukwa chongokakonda, amayamba kuona anthu amene amawathandiza ngati akuba moyo wake. Ameneyu ndi amene amadzati kwa mwana, "Ndidakuvutikira," mwanayo n'kusenza mawuwo mpaka kukula.

Kubwerera ku besi sikudali kokoma monga ndinkalotera. Mlungu woyamba nsonga za zala zidatuluka matuza. Phewa linkawawa ndi lamba. Nyimbo zimene ndinkaziimba nditatsinzina zidali zitathawa, mutu ukuzikumbukira koma dzanja likukana. Kale ndinkavutika ndi kaseti, lero pa YouTube pali aphunzitsi osawerengeka, ndipo mwana wa zaka 12 amaimba zimene ine sindidzazikwanitsa ngakhale nditapatsidwa moyo wina. Kuntchito amanditchula kuti bwana. M'kabandi ka tchalitchi kamene ndidalowa, woimba ng'oma ndi mnyamata wa zaka 19, ndipo amaimitsa nyimbo n'kunena mwaulemu kuti, "Adadi, mukuthamanga." Ndimayankha kuti zikomo, n'kuyambiranso.

Komabe pali chimene zaka zidandipatsa. Ndili mnyamata ndinkafuna kuti anthu adziwe kuti besi ilipo, choncho ndinkadzaza paliponse ndi manotsi. Lero ndimaimba ochepa ndipo ndimamvetsera kwambiri phazi la woimba ng'oma. Ntchito ya besi ndi kumanga ng'oma ndi magitala ena kuti zikhale chinthu chimodzi. Chipangizochi chidafala kuchokera mu 1951 pamene Leo Fender wa ku California adatulutsa Precision Bass. Nsambo zake zinayi ndi E, A, D ndi G, ndipo yonenepa kwambiriyo imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi, liwu lotsika moti kasipika ka foni sikalitulutsa bwino. Umalimva m'chifuwa. Anthu ovina sadziwa kuti chikuwagwedeza chiuno n'chiyani, koma woimba besi akaphonya onse amatembenuka.

N'chifukwa chake oimba besi ambiri sadziwika. James Jamerson adaimba besi m'nyimbo zambiri zotchuka za kampani ya Motown ku Detroit, koma kwa zaka zambiri dzina lake silinkalembedwa pa zimbale. Lidayamba kuonekera cha m'ma 1971, pa chimbale cha Marvin Gaye, ndipo adamwalira mu 1983 anthu ambiri okonda nyimbozo asakumudziwa. Aston Barrett, amene adamwalira mu 2024, ndiye ankasenza nyimbo za Bob Marley kumbuyo. Alick Macheso wa ku Zimbabwe, wa magazi a Chimalawi amene nyimbo zina amaimba m'Chichewa, ndi mmodzi mwa ochepa amene adaitengera besi kutsogolo n'kukhala mwini bandi. Ife ogwira ntchito m'boma moyo wa kumbuyowu timaudziwa. Kalata timalemba ndife, siginecha n'kukhala ya wina.

Apa pali msampha wina umene ndidatsala pang'ono kugweramo. Ndikadatha kunena kuti besi ndi yabwino chifukwa imaphunzitsa kudzichepetsa, kumvetsera ndi kutumikira ena, ndipo awerengi mukadavomera. Zimenezi n'zoona, koma sindidagule gitala kuti ndikaphunzire khalidwe. Ndidaigula chifukwa ndimaikonda. Chala chikakoka nsambo ya E, ng'oma n'kugwera pamodzi ndi ine, ndimamva chimene ndinkamva pa chitini chija kumudzi. Tili ndi chizolowezi chofuna kuti chisangalalo chilichonse chivale yunifomu ya ntchito chisadaloledwe kulowa m'nyumba: chibweretse ndalama, chichepetse kuthamanga kwa magazi, chiphunzitse ana. Koma tikalima, kukolola, kulipira fizi ndi kufolera nyumba, timachitira zonsezi kuti anthu akhale ndi moyo, ndipo moyowo uli ndi gule mkati mwake. Makolo athu adali osauka kuposa ife, koma ankapha mbuzi n'kusunga chikopa cha ng'oma. Palibe adawafunsa kuti ng'omayo idyetsa yani.

Ndimakumbukiranso mkulu wina amene tinkagwira naye ntchito. Atapuma pa zaka 60, monga mwa lamulo la ntchito za boma, ankabwerabe m'mawa atavala jekete n'kumacheza ndi alonda pageti. Ana ake onse adawaphunzitsa, nyumba adamanga, ngongole adalibe. Chimene adalibe n'chochita ndi tsiku lake. Moyo wake wonse adali nkhokwe ya anthu ena, ndipo palibe adamuuzapo, ngakhale iye mwini, kuti nayenso ndi munthu. Ine zaka zimenezo sizili patali.

Ndiye yankho langa ndi lotani? Ndikukhulupirira kuti bambo, ndiponso mayi, ali ndi ufulu wokhala ndi kanthu kosapindulitsa kamene amakakonda, ndipo safunika kupepesa chifukwa cha iko. Koma ufuluwo uli ndi mtengo, ndipo mtengowo uyenera kuikidwa poyera pamodzi ndi ufa, lendi ndi fizi, onse apabanja akuona. Kulakwa kwanga kudali kugula mobisa, m'mwezi wolakwika, ndisadawerengere teremu ya Januwale. Ndikadakhala pansi ndi mayi akunyumba, tikadasunga pang'onopang'ono miyezi isanu ndi umodzi, gitala ina ikadapezeka, ndipo mwana wa mlongo wanga sakadataya tsiku ngakhale limodzi. Ndipo ngati ufuluwo uli wa bambo yekha, umenewo ndi umbombo wamba.

Ngongole ya banki m'khonde ndidamaliza kubweza mu Meyi 2025. Mwezi wotsatira tidagula nsapato za mpira. Tsopano Lachinayi madzulo ndimapita kokonzekera nyimbo, ndipo Loweruka masana mayi a Chisomo amapita kubwalo ndi amayi anzawo, ine n'kutsala ndi mphika ndi ana. Amabwerako akutsimphina, akudandaula bondo, nkhope ili mwee.

Mwana wa mlongo wanga ndidamuuza zoona zake patchuthi, kuti masiku ake aja adapita ndi gitala ya amalume ake. Adakhala chete, kenaka adafunsa ngati angaigwireko. Ndidamuonetsa poika zala. Sindikudziwa ngati kumeneko kudali kukhululuka kapena ulemu chabe wa mwana kwa amalume. Amayi kumudzi sindidawauzebe mtengo wake. Ndikudziwa kuti akadzamva adzawerenga matumba, ndipo pa masamu amenewo sadzalakwitsa.