Munda umene unadikira msilikali

Mwa anyamata a ku Nyasaland amene analowa gulu la King's African Rifles pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ambiri anali alimi asanagwire mfuti. Ena anakamenya nkhondo ku Ethiopia, ena ku Madagascar, ndipo mu 1944 ena anapezeka m'chigwa cha Kabaw ku Burma, akupondaponda matope mvula ili mbwee, malungo ndi misundu zikuwasautsa, mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin.

Nthawi yonseyo kumudzi munda sunagone. Mkazi wa msilikali ndiye anasosa, kuunga mizere, kubzala, kupalira, kubandira, mwana ali kumbuyo. Nkhokwe ikayamba kupendama, ankapempha alongo ake kuti amudulire mitengo. Kalata ikachedwa, ankameza mate n'kunyamula khasu.

Nkhondo itatha mu 1945, mwamunayo anabwera ndi mamendulo ndi bokosi lachitsulo, koma mtima wake unachedwa kufika. M'madera a chikamwini munda unali wa kwawo kwa mkazi, choncho munthu amene anawoloka nyanja zikuluzikulu anayenera kuyambiranso ngati mkamwini wamba, kuweramira mzere pafupi ndi apongozi. Usiku bingu likagunda ankadzidzimuka thukuta lili kamukamu, dzanja likufufuza mfuti pamphasa. Mkazi ankangomugwira paphewa n'kunena chapansipansi kuti, "Bambo, muli kwanu kuno, ndi mvula chabe. Gonani." Kukacha sankamuchititsa manyazi pamaso pa ana. Ankamupatsa phala, onse n'kulowera kumunda.

Asanapume n'komwe, kunagwa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri anthu a kumwera, makamaka m'boma la Blantyre. Mabanja ambiri anapasuka chaka chimenecho, amuna ena atapita kukasaka chakudya osabwereranso. Koma analipo ena amene anapirira limodzi, kudya gaga ndi mizu ya kutchire, n'kusungabe kambewu m'chikwatu kudikira mvula ina. Kwa ine, kulimba mtima kumeneku sikuchepa poyerekeza ndi kwa ku Burma kuja.

Mwezi wa November uliwonse timaika nkhata za maluwa pa chipilala cha asilikali ku Zomba, ndipo n'zoyenera. Komabe dzina la mayi uja simudzalipeza pamwala. Ndiye ndikulankhula ndi inu lero, mayi kapena bambo amene mukusamala mnzanu wovulala mumtima: wobwera ku nkhondo, wotuluka m'ndende, wochotsedwa ntchito, kapena wodzuka pa matenda aakulu. Mwina mwatopa, ndipo palibe amene wakuthokozani. Mwina mukudzifunsa ngati munthu amene munakwatirana naye adzabwereranso monga analili. Musataye mtima. Kuchira kotere kumayenda pang'onopang'ono, ndipo masiku ena kumabwerera m'mbuyo popanda inu kulakwitsa kanthu.

Inunso amene mwabwera kuchokera kovutako, musadzione ngati wotha ntchito chifukwa mukuyambira pansi. Limani mzere umene mungathe lero. Zikakulemerani, uzani mnzanuyo, abusa, shehe kapena achipatala, musazisunge nokha. Ndipo madzulo ano, musanagone, muuzeni amene wakhala akukugwirani paphewa kuti mukuona zonse zimene akuchita.