Kodi mwana ajambule bambo ake ndi zipsera zomwe?

Sabata ino ndabwera ndi funso lovutirapo. Kodi mwana ali ndi ufulu woonetsa dziko lonse zofooka za bambo ake? Ambiri mwayankha kale mumtima kuti ayi, za m'nyumba sitiyanika pabwalo. Dekhani, mumve kaye za buku lotchedwa Maus.

Mwini wake ndi Art Spiegelman wa ku America, ndipo nkhani yonse ili m'zithunzi zojambula pamanja, m'timabokosi ngati makatuni a m'nyuzipepala. Gawo loyamba linatuluka mu 1986, lachiwiri mu 1991, ndipo mu 1992 bukuli linapata mphoto ya Pulitzer. Ndi mbiri ya bambo ake, a Vladek, Myuda wa ku Poland amene anapulumuka kundende ya Auschwitz pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ayuda anawajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka. Nkhope ya mbewayo ilibe zambiri, timaso tiwiri basi, kawirikawiri ngakhale pakamwa sipaoneka. Chisoni umachionera pa mapewa ogwa ndi mutu wowerama.

A Vladek sanawajambule ngati mngelo ayi. Ndi mdala woumira zedi: amatola tizidutswa ta waya pamsewu, amawerenga mapiritsi awo limodzilimodzi, mpaka kubweza kusitolo mapaketi a chakudya otsegula kale. Ife a pamsika kasitomala wotere timamudziwa, ukangomuonera patali mtima umayamba kale kutopa. Koma taonani zimene chithunzi chimachita. Poyamba kufotokoza mbiri yawo, mdalayu ali panjinga yolimbitsira thupi, ija yosachoka pamalo. Mkono wawo wadutsa kutsogolo kwa bokosi, nambala imene anawadinda ku Auschwitz ili poyera, ndipo mwana wawo akuoneka wamng'ono kunsi kwa mkonowo. Palibe chiganizo chokuuza kuti mnyamatayu wakulira mumthunzi wa nambala imeneyo. Diso limangoona. Ndiye ukafika pa za waya ndi mapaketi, kuseka kumakanika, chifukwa waona kale njala imene munthuyu anadutsamo.

Apa mpamene ine ndimaima kumbali ya Art. Miseche imatola chilema n'kusiya bala kunyumba. Chithunzi chimatha kuika zonse ziwiri m'bokosi limodzi, ndipo sungaone china osaona chinzake.

Komabe pali malo amene amandisowetsa mtendere. Kumayambiriro, a Vladek atafotokoza za chibwenzi chawo chakale asanakwatire, akupempha mwana wawo kuti zimenezo asazilembe. Art akukweza dzanja kulonjeza. Nkhaniyo ili m'buku, ndi lonjezo lomwe analijambula! Eti kumeneku tikutchule kuti chilungamo, kapena kupanda ulemu? Ine ndimati analakwira bambo ake, ngakhale sanatinamize ife owerenga. Ndipo bukuli linatuluka iwo atamwalira kale mu 1982, sangayankhenso.

Chimene chimandibweza n'chakuti naye sanadzikometsere. Mayi ake, a Anja, anadzipha mu 1968. Pamasamba anayi onena za maliro awo mbewa zikusowa: ndi nkhope za anthu, zokhotakhota, pamdima wa bii, iye atavala zovala za mkaidi, akudzimva wolakwa komanso akuwakwiyira malemuwo. M'gawo lachiwiri, buku litatchuka, akudzijambula ngati munthu wovala chigoba cha mbewa, atakhala patebulo lake pamwamba pa mulu wa mitembo, ntchentche zili ng'waa. Atolankhani ndi amalonda akamamupanikiza ndi mafunso, thupi lake likunka lichepa bokosi ndi bokosi mpaka kusanduka kamwana kolira pampando. Akudziwa kuti wadyerapo pa misozi ya makolo ake, ndipo akutionetsa yekha.

Pali mwana winanso m'banjamo, Richieu, mkulu wake wa Art, amene anafa pankhondo ali wamng'ono, Art asanabadwe. Gawo lachiwiri limatseguka ndi chithunzi chake chenicheni cha kamera, kamnyamata kokongola kamene sikanakule kuti kakhumudwitse makolo. Art anakula akupikisana ndi chithunzi chimenecho. Patsamba lomaliza a Vladek agona pabedi, atopa kulankhula, ndipo pouza mwana wawo kuti nkhani zakwana, akumuitana ndi dzina la Richieu. Art waima pambali pa bedi, chojambulira mawu chili m'manja, sakuyankha. Kunsi kwake anajambula mwala wa pamanda wa a Vladek ndi a Anja, n'kusainira dzina lake pansi pake.