Musamaumitse Maondo Poimba

Ana anga, inu amene mwayamba kukwera pansanja ndi magitala, ndi inu a m'makwaya, ndimakumvani mukukambirana za mawu, za nsambo, za masipika. Za maondo simunena. Komatu alipo anzathu amene anasiya kuimba mawu akadali okoma, chowatsitsa pansanja ili miyendo.

Vuto limayambira pa kaimidwe. Munthu akachita mantha pagulu amaumitsa miyendo, n'kukankhira maondo kumbuyo mpaka kuti gwa. Akatero minofu ya m'ntchafu imaleka kugwira ntchito, thupi lonse n'kutsamira pa mfundo ndi mitsempha ya kuseri kwa bondo. Chinanso, magazi a kumapazi amabwerera kumtima chifukwa akatumba amawafinya munthu akamasuntha. Mukaima chilili osagwedezeka, magaziwo amadikha m'miyendo, kumutu n'kuperewera. N'chifukwa chake mtsikana wa kwaya amachita chizungulire n'kugwa pakati pa nyimbo, monga amagwera asilikali paperete. Sikuti amulodza ayi.

Kaonereni oimba ng'oma pabwalo la gule wamkulu. Ng'oma ili pakati pa miyendo, mapazi atatalikirana, maondo atapinda pang'ono, thupi likutsatira kulira kwa ng'omayo. Munthu wotero amaimba mpaka dzuwa kulowa. Kaimidwe kameneka ndi kathu komwe, ndipo zimandipweteka kuona mwana akukataya chifukwa chakuti wagwira gitala yamagetsi.

Gitala ya besi imalemera makilogalamu 4, zina kuposerapo, ndipo yonseyo imalendewera paphewa limodzi. Thupi limapendekeka osadziwa, bondo limodzi n'kusenza za awiri. Amene mumaponda pedulo ndiye mumathera nyimbo yonse pa mwendo umodzi. Mukaponda, bwezani phazi pansi. Pezani lamba wotakata, ndipo musatsitse gitala mpaka m'ntchafu pofuna kuoneka bwino, chifukwa mudzawerama usiku wonse. Atsikana, nsapato za gogoda pa simenti zisiyireni a paukwati.

Kunenepa nakonso musakuone mopepuka. Kilogalamu imodzi yoonjezera pathupi imafika pabondo ngati makilogalamu pafupifupi 4 nthawi iliyonse mukaponda. Ganizirani pamenepo mukamasenza sipika nokhanokha kupita nayo kugalimoto m'bandakucha, mutatopa kale. Itanani mnzanu, mugwirizane.

Kukhala pansi si manyazi. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band amaimba atakhala, wina pa babatoni, wina ndi gitala uku akuomba ng'oma ndi chidendene. Anavinitsa anthu ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako ku Ulaya. Poyeserera nyimbo, ikani mpando pafupi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapiritsi. Bondo likawawa mumathamangira Brufen kapena Indocid, m'mimba mulibe kanthu, ena n'kutsitsira mowa, kuti mumalize shoo. Ululu umazizira, koma bondo likupitirira kuonongeka, ndipo mankhwala amenewa akachuluka amabweretsa zilonda zam'mimba ndi kuononga impso. Bondo likatupa, likatentha, likamakanika kuongoka kapena kufooka mwadzidzidzi mukuyenda, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli a fizo amene angakuphunzitseni kulimbitsa minofu ya m'ntchafu. Mukapita, tengani gitala yanu ndi lamba wake, akaone mmene mumaimira.