Wosaoneka mumsewu, mlandu ngwa ndani?



Dzulo itatha Maghrib ndimadutsa mu Makata Road, kunja kuli chiperoni. Mnyamata wina pa njinga, malaya akuda, wopanda nyali ngakhale chonyezimira kumbuyo, anangotulukira kutsogolo kwa thiraki. Dalaivala anaponda mabuleki mwamphamvu. Alhamdulillah, anapulumuka.

Timakonda kunena kuti tsiku likakwana lakwana. Zoona, imfa ili m'manja mwa Allah. Koma ine chikundivuta n'china. Akanagundidwa, dalaivala uja akanasenza imfa ya munthu moyo wake wonse, chonsecho sanamuone n'komwe. Kodi tawakkul imatilola kusenzetsa mnzathu katundu wotere, pomwe katochi ndi jekete yowala zili mbwee mu Limbe?

Inu amene mumapalasa kuchokera ku Ndirande mbandakucha, kumbuyo kwa njinga yanu kuli chiyani?