Waya sachiritsa fupa

Kuti dokotala afike pamtima, nthawi zambiri amacheka fupa la pakati pa chifuwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kulikanula. Akamaliza ntchito yam'katimo amabweza mbali ziwirizo n'kuzimanga ndi mawaya achitsulo chosachita dzimbiri, kawirikawiri 6 mpaka 8. Mawayawo amawapota mwamphamvu n'kuwasiya momwemo moyo wonse.

Malume anga ali nawo mawaya otere, ndipo amaoneka pa X-ray. Atabwera kuchokera ku India kumene anawachita opaleshoni, pakhomo panabuka mkangano. Azakhali ankati: "Awachiritsa ndi Mulungu basi." Msuweni wanga ankayankha kuti: "Amayi, thokozani madokotala." Ine ndimati onse awiri akadayamba afunsa chimene chimachitika m'fupamo.

Waya salumikiza fupa. Ntchito yake n'kugwira mbali ziwirizo kuti zikhudzane, zisagwedere munthu akamapuma kapena kutsokomola. Kulumikizana kwenikweni kumachitika pang'onopang'ono, kwa milungu 6 mpaka 8 kapena kupitirira, thupi likamamanga fupa latsopano pamng'alupo. Palibe dokotala amene angalamule zimenezi. Akhoza kumanga bwinobwino, koma matenda a shuga, fodya kapena tizilombo tolowa pabala n'kulepheretsa fupalo kugwirana. Komanso tisanamizane: popanda mawaya, mbali ziwirizo zingamakhulane nthawi iliyonse munthu akakoka mpweya, ngakhale mpingo wonse utagona panja kupemphera.

Wodwala naye ali ndi gawo lake. Malume madokotala anawaletsa kunyamula zolemera, ndipo potsokomola ankakumbatira pilo pachifuwa. Munthu wozolowera khasu kumuuza kuti angokhala n'kumupatsa ntchito yowawa, koma kudikira kumeneko kunali mbali ya mankhwala.

Buku la Genesis limati Mulungu atachotsa nthiti ya Adamu anatseka yekha malowo. Kwa ife sachita yekha. Kutseka anakupereka m'manja mwa anthu ophunzira, kuleza mtima anakusiyira wodwala, ndipo chimene anasunga ndi mphamvu yobisika ija imene imapangitsa fupa lodulidwa kufunanso linzake.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amakaniza abale awo kupita kuchipatala m'dzina la chikhulupiriro: akufuna Mulungu agwire ntchito imene anaigawa kale kwa anthu. Sindigwirizananso ndi amene amati dokotala ndiye zonse, pamene fupalo limalumikizana dokotalayo ali kwawo, akugona.